Anakwirira Maenje Alendo Asanafike

"Mwana uja ali ndi ngongole yanga," ankatero mayi Kulusumu kwa aliyense woima pa thandala lawo la usipa, ngakhale munthu wongofunsa njira ya kudoko. "Si ya ndalama ayi. Ndalama amatumiza, zochepa zomwezo. Ndikunena msewu. Anandilonjeza msewu ndi pakamwa pake, atagwada, ndipo mpaka lero sindinauone."

Mwana ankamunenayo ndi Raisa, mzime wawo. Anaphunzira ndi usipa womwewo kuyambira sitandade wani mpaka kukoleji, ndipo tsiku limene anapeza ntchito ku Lilongwe, pa kampani yoyeza misewu, anagwada pakhonde n'kunena kuti, "Amayi, msewu wathuwu ndidzaukonzetsa." Mwina chinali chisangalalo chabe, monga amayankhulira ana akalandira uthenga wabwino. Koma mayi Kulusumu ndi munthu wa pamsika. Kwa iwo ukatchula mtengo watchula basi, sungabwere mawa n'kumati ndimangoseka.

Msewu wake ndi uja umapatuka pa tala wamkulu wa ku Senga Bay n'kutsetserekera kudoko la kwa Msangu. Inathira tala ameneyo ndi kampani ina ya nsomba kalekale, ili ndi nyumba ya ayezi kumeneko. Kampani inasamuka, tala n'kutsala wamasiye. Mvula inamudya m'mbali, malole a mchenga anamuboola pakati, mpaka maminibasi anasiya kulowako. Womaliza kusiya anali Benson wa matola, amene ananena poyera kuti galimoto yake si ya boma. Kunangotsala njinga zamoto za kabaza.

Ukanakhala usipa wokha, mayi Kulusumu sakanadandaula. Usipa wouma sumva kuwawa. Vuto linali amuna awo, Che Idi. Munthu amene kale akamakoka khoka anzake ankaima n'kumaonerera, sitiroko inawapha mbali ya kumanzere. Mwezi uliwonse ankayenera kupita kuchipatala ku boma kukapimidwa ndi kukatenga mankhwala. Ndiye ankawakweza pa njinga ya Nasir, bambo wa kabaza wa m'mudzi momwemo, n'kuwamangirira kumsana kwake ndi chitenje ngati khanda, mayi Kulusumu n'kukhala kumbuyo atagwira mwendo wakufawo kuti usakokeke pansi. Pofika pa tala wamkulu Che Idi amakhala atanyowa thukuta, koma osadandaula.

Nasir anali atachenjeza kale. "Mayi, mvula ikangoyamba ine akuluwa sindiwanyamulanso. Maenje aja akadzaza madzi sudziwa kuti lakuya ndi liti. Ndikagwa nawo ndikayankha chiyani kwa Allah?"

Nkhani inali pamenepo. Msewu ukonzedwe mvula isanagwe, apo ayi Che Idi akhala dzinja lonse osaonana ndi dokotala.

Tsiku lina, mwera uli pachimake, Raisa anaimba foni.

"Amayi, Lachinayi tikubwera. Ndili ndi abwana anga, pa galimoto ya kampani. Tikudzaona msewu wathuwo."

"Wakumbuka lero?"

"Amayi, ngakhale moni?"

"Moni ndidzakupatsa ukafika. Mudzakhala angati? Abwanawo nsomba amadya?"

Netiweki inaduka asanamve yankho. Mayi Kulusumu anaika foni pachifuwa, natuluka kukaima pakati pa msewu manja ali m'chiuno. Anauyang'ana uku ndi uku, manyazi n'kuwagwira. Mlendo akamabwera umasesa pabwalo, umachapa mabulangete, mbale zong'aluka umabisa. Zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Nanga mlendo wake akakhala bwana wa mwana wako! Galimoto ikaphulika tayala m'dzenje la pa mlambe, kapena ikakanirira pa kalavati, bwanayo adzamuyang'ana Raisa n'kumufunsa kuti, "Kodi kwanu n'kuno?" Ndipo akalephera kufika kudoko, msewuwo adzauona bwanji? Ngakhale a ndale akamabwera ndi malonjezo awo anthu amakwirira maenje. Ndi ulemu wake.

Anayamba ndi Tausi, mnzawo wa thandala loyandikana, kenako Pauline, amene amachapa zovala ku loji ina ku Senga Bay ndipo ankadziwa mmene alendo amakwinyira nkhope akaona zonyansa. Pofika madzulo amayi a mudzi wonse anali atamva kuti mwana wa Che Idi akubwera ndi anthu a misewu. Mwini ngolo anatchula mtengo wake wotutira dothi la pachulu, mayi Kulusumu anamuseka mpaka anavomera theka, usipa osati ndalama, ndipo anathokoza. Dothi la pachulu ndi lomata, likauma limalimba ngati simenti. Analithira m'maenje, kuwaza madzi, n'kusinja ndi misi mpaka posalala ngati m'nyumba yozira. M'ming'alu anathiramo mchenga wa kunyanja. Pomaliza anasesa msewu wonse kuchokera kudoko mpaka pamphambano. Nasir anayesa njinga yake, kuthamanga osagwira mabuleki, akukuwa ngati wapenga.

Msana wa mayi Kulusumu unkawawa ngati awamenya, koma mtima unali mbee.

Galimoto inafika Lachinayi dzuwa litakwera pang'ono. Inali yoyera, ndi chitsulo padenga, pamwamba pake timakamera totuluka ngati maso a nkhanu. Inkayenda pang'onopang'ono pakati penipeni pa msewu. Amayi anaimba nthungululu. Anatsika dalaivala, kenako bambo wamtali wa magalasi, a Elliot, injiniya wake, ndipo pomaliza Raisa, chipewa cha kampani chili pamwamba pa mpango, laputopu ili m'manja. Sanamwetulire.

"Salaam aleikum, Amayi."

"Waleikum salaam. Nkhope imeneyo bwanji? Wafika pamaliro?"

"Amayi, msewu mwautani?"

"Taukonza! Simunamve mmene mwayendera? Ngati pamphasa. Funsa abwana akowo ngati tiyi wawo watayika."

"Mayo ine," anatero Raisa, n'kugwira pamutu.

Anayamba wakagwada pakhonde kwa bambo ake, kuwagwira dzanja lamoyolo n'kuwafunsa za m'thupi. Kenako anakhala pamphasa, natsegula laputopu, n'kuwaitana amayi ake.

"Onani apa. Uwu ndi msewu wa ku Chitala, tinajambula dzulo."

Msewuwo unkayenda wokha pagalasi ngati filimu, ndipo pa dzenje lililonse pankatulukira kabokosi kofiira.

"Makamera aja amajambula msewu wonse, kompyuta n'kumayang'ana chithunzi chilichonse. Anaiphunzitsa ndi zithunzi zambirimbiri mpaka inadziwa kusiyanitsa. Ikaona dzenje imaika bokosi lofiira. Tala akasweka ngati khungu la ng'ona, imaika lachikasu. Ikaona chigamba, ndiye kuti pamalopo anakonza kale, imaika lobiriwira. Pansi pa mpando palinso kachipangizo kamene kamamva mmene galimoto ikugwedezekera. Zonsezo timatumiza kwa ogawa ntchito, ndipo iwo amayamba ndi misewu yofiira kwambiri."

"Ndiye wathu ndi wofiira kuposa yonse," anatero mayi Kulusumu. "Tsegula tione."

Raisa anadina batani. Msewu wa kwa Msangu unatulukira pagalasi, mlambe uja, kalavati uja, zonse. Kuchokera pamphambano mpaka kudoko unali wobiriwira ngati minda ya mpunga ya ku Chinguluwe.

Tausi, amene ankasuzumira kumbuyo, anati, "Ii, koma ndiye wakongola."

"Khala chete iwe," anatero mayi Kulusumu osatembenuka. Anayang'anitsitsa galasilo. "Chinthu chakochi n'chopusa. Sichikuona kuti ili ndi dothi?"

"Chimaona zimene mwachionetsa, Amayi."

"Ndiye chiuze. Zala uli nazo. Lemba zofiira."

"Sindingathe."

"Sungathe kapena sukufuna?"

"Zonse. Makinawa anawabweretsa dala kuti munthu asamakondere kwawo. Ndikasintha ndi dzanja zimaoneka, ndipo ntchito itha tsiku lomwelo."

"Ine ndinakukondera pokutumiza kusukulu alongo ako ali m'bwato. Sindinafunse kompyuta."

Raisa anayang'ana pansi. Che Idi anayesa kunena kanthu, koma mawu anawakanirira pakamwa popotokapo, anangogwedeza dzanja ngati akuti zisiyeni. Mayi Kulusumu sanazisiye. Anamanga chitenje, nalunjika kwa a Elliot, amene anaima pamthunzi wa galimoto akukanda dothi la m'dzenje ndi nsonga ya nsapato.

"Abwana, tikambirane."

"Ndamva kale, Mayi. Pepani kwambiri. Mwagwira ntchito yaikulu, koma..."

"Pepani sakonza msewu. Tikafukula mudzajambulanso?"

"Galimotoyi ikuyenera kukagona ku Chipoka lero. Mafuta anatiyezera, ndipo misewu yatsala yambiri."

"Mawa."

"Mawa tili ku Chipoka konko."

"Mkuja. Chambo chowamba chilipo, chachikuluchikulu, mukawapatse amayi kunyumba."

A Elliot anaseka. "Chambo chimenecho ndikangolandira, ndiye kuti sindingabwerenso ngakhale nditafuna."

"Ndiye musalandire, mungobwera. Mwaona, ndakutsitsirani."

Dalaivala anaseka mpaka kutsamira pachitseko. A Elliot anapukusa mutu, koma maso awo anapita pakhonde, pamene Che Idi ankalimbana ndi kapu ya madzi kuti ifike pakamwa.

"Bambo aja kuchipatala amapita bwanji?"

"Kumsana, ngati mwana. Mukufuna ndikuonetseni chitenje chake?"

Raisa anali atafika pambali pawo, akupotokola zala.

"Abwana, foni ija timagwiritsa ntchito m'misewu yopanikiza ili m'chikwama changa. Imajambula, imamvanso kugwedezeka. Mutandisiya kuno, mawa ndingaimangirire pa njinga yamoto, n'kukupezani ku Chipoka madzulo."

"Sunandiuze kuti kuno n'kwanu."

"Simunandifunse, abwana."

A Elliot anavula magalasi, kuwapukuta ndi shati, n'kuvalanso. "Chabwino. Koma Mayi, mumve bwino. Muchotse zimene munathira zokha. Khasu lisadye tala ngakhale pang'ono. Kompyuta mwina singadziwe dzenje lokumba dala, koma zithunzizo ndikaziona ndi maso anga, ndipo tala wothyoka kumene amakhala wakuda bii m'mphepete. Ndikapeza zotero ndikataya zonse. Ndipo dzina limene lili pa ntchitoyi ndi la mwana wanu."

"Ndamva. Nsomba mudyabe, zapsa kale. Icho si chiphuphu, ndi nkhomaliro."

Anadya, nanyamuka, Raisa n'kutsala.

M'mawa mwake mayi Kulusumu anayenda khomo ndi khomo. Sanapepese kwa munthu. Anangoti, "Tengani makasu, tinalakwitsa," ndipo amene anafunsa kuti walakwitsa ndani anamuyankha kuti nayenso msi anagwira.

"Dzana kukwirira, lero kufukula," anadandaula Tausi akukoka khasu pansi. "Tasanduka afisi kodi?"

"Fisi amafukula usiku. Iwe fukula masana, anthu aone kuti unagwirapo ntchito pa moyo wako."

"Ine msi wanga unang'aluka chifukwa cha msewu wa mwana wanuyu," anatero Pauline.

"Akaukonza iwe udzauluka? Kumba apo."

Dothi lija linali litagwiradi ngati simenti. Anayamba alinyowetsa, kulikanda ndi makasu mosamala, kutapa ndi manja ndi mbale zakale, kenako kusesa. Mchenga wa m'ming'alu anautokosa ndi timitengo. Raisa anavula nsapato za kampani n'kugwira nawo, ndipo pa dzenje lililonse ankayang'ana m'mphepete ngati namwino woyang'ana bala. Ntchito yokwirira inali ndi nyimbo. Yofukulayi inalibe.

Dzuwa litayamba kutentha anatulukira Mwayi, mwamuna wa Pauline, akuchokera ku ulonda, piki ili paphewa.

"Amayi inu mukutaya nthawi. Makinawo akufuna zofiira? Tiwapatse zofiira. Apa titakulitsa, apo titakumba lina, adziwa ndani? Bwanayo ali ku Chipoka akudya chambo cha ena."

Amayi ena anavomereza. Mayi Kulusumu anaima, khasu lili m'manja. Mawu a Mwayi anawalowa bwino, chifukwa ndi mmene iwo amadziwira malonda. Pamsika suyamba ndi mtengo weniweni, umakweza kuti akamatsitsa ugwere pabwino. Msewu wa ku Chitala anauona ndi maso awo, wofiira ngati magazi. Nanga kuli ina ingati yotero? Anaponya khasu pansi, nalanda piki m'manja mwa Mwayi.

"Amayi," anatero Raisa.

"Pang'ono chabe. M'mphepete mokha."

"Piki imeneyo ikangogunda tala, foni ndiika m'chikwama, ndikwera njinga ndizipita."

"Ukundiopseza ine? Amene ndinakubala?"

"Sindikukuopsezani. Ndikukuuzani mtengo wanga womaliza."

Makasu onse anaima. Tausi anatseka pakamwa ndi dzanja.

"Nanga bambo ako? Iwe uli ku Lilongwe umayenda pa tala wosalala. Mwendo wawo ndimagwira ndine."

"Ababa ndimawakonda, Amayi. Koma bodza sindijambula."

Mayi Kulusumu anakweza piki m'mwamba. Mwana ameneyu anamudziwa kuyambira ali kumsana: akati sayamwa, sayamwa. Anatembenuza nkhope kuti asamuone, maso n'kugwera kumtunda kumene anali atamaliza kale. Aka kanali koyamba kuuona msewuwo uli maliseche chonchi. Masiku onse maenje amakhala ndi zinyalala, mchenga, makoko a nzimbe, mapepala a shuga, zimene zimabisa kuya kwake. Lero anali osesedwa mpaka pansi, kukamwa yasa, lina kulumikizana ndi linzake. M'dzenje la pa mlambe munalowa mbuzi ya Tausi, ndipo kunja kunkangooneka nyanga.

Anatsitsa piki pang'onopang'ono, n'kumukankhira Mwayi pachifuwa.

"Tenga chinthu chako. Chambo chonenepa sachemerera. Katundu wathu akwana yekha." Kenako anatembenukira amayi aja. "Mukuyang'ana chiyani? Ndi filimu? Kumbani!"

Anamaliza nthawi ya swala ya Ijumaa, mapemphero a Lachisanu, itayandikira. Raisa anamangirira foni pa handulo ya njinga ya Nasir ndi mphira, kamera italoza kutsogolo, n'kumuuza kuti apite mpaka pamphambano abwerenso. Nasir anapita, anabwera. Raisa atatsegula zithunzi anapeza udzu, nkhuku, mpanda wa mzikiti ndi miyendo ya Tausi. Nasir zaka zonsezi ankadya chifukwa chodziwa kuzemba maenje, ndipo manja ake ankazemba okha: apa watuluka pa tala, apo wadzera m'kanjira ka oyenda pansi, apo walowa kuseri kwa mlambe.

"Achimwene, muyende pakati," anatero Raisa. "Liwiro limodzi, osazemba."

"Ndilowe m'maenje dala? Achemwali, njingayi ndi imene imadyetsa ana anga. Mashoko mugula ndinu?"

"Mashoko ako anafa kalekale, ndimawamva mwezi uliwonse," anatero mayi Kulusumu.

"Ndipo ine ndithyolerenji njinga yanga? Msewu akaukonza Benson abwerera, nonse mudzathamangira matola. Kabaza mudzamukumbuka?"

Apa mayi Kulusumu sanakalipe. Anamuyang'ana Nasir, n'kuona kuti munthuyo sakunama.

"Matumba anga a usipa adzakhala ako. Benson adzanyamula Che Idi, iwe usipa, ngakhale atanditsitsira bwanji."

"Mwalumbira?"

"Wallahi. Tsopano liza chinthu chako. Ndikwera ndekha, ndione ngati ukuzemba."

Anakwera kumbuyo, zala zili m'nthiti mwa Nasir. Akangopendekera kumanzere kuti azembe, kutsina. Akapendekera kumanja, kutsina. "Lowamo! Lowamo, iwe!" Njinga inkagwa m'dzenje, kutuluka, kugweranso m'lina. Nasir ankati "Bismillah" pa dzenje lililonse mpaka mpweya unamuthera. Mano a mayi Kulusumu ankagundana, mpango unagwa panjira, ndipo abambo amene ankasamba m'manja pakhomo pa mzikiti anaima n'kumaseka. Iwo sanasamale. Koma atadutsa pa kalavati anasiya kukuwa. Iwo anali ndi manja awiri ogwirira ndi miyendo iwiri yopondera, komabe msana unkamveka ngati ukuthyoka. Anakumbukira munthu wa dzanja limodzi uja, amene sanadandaulepo n'kamodzi komwe. Anangokanikiza zala m'nthiti mwa Nasir mpaka pamphambano.

Anatsika, nakhala pa mwala. Raisa anafika pa njinga ina atanyamula chikwama chake ndi mpango uja. Anamasula foni, kulumikiza ku laputopu, n'kudikira. Mabokosi anayamba kutuluka: lofiira, lofiira, lachikasu, lofiira pamwamba pa lofiira linzake.

"Eyaa! Alhamdulillah," anatero mayi Kulusumu akumenya ntchafu. "Tsopano chachenjera. Ndiye abwera liti?"

"Sindikudziwa, Amayi."

"Usandiyambenso."

"Ine ndimatumiza zithunzi. Osankha ndi ena, ndipo misewu yofiira ndi yambiri kuposa imene angathe kukonza. Sindikulonjezaninso kanthu. Ndinalonjeza kamodzi, ndili mwana."

"Ndiye ngongole ikadalipo."

"Ikhalepo."

Minibasi yopita ku boma inaima, Raisa n'kukwera. Ikunyamuka, mayi Kulusumu anaponya kaphukusi ka chambo pawindo. "Ichi n'chako, osati cha abwana!"

Masiku otsatira anali owawa. Msewu unaipa kuposa kale, chifukwa ngakhale zinyalala zimene zinkathandiza zija zinali zitasesedwa. Anthu odutsa ankawaloza mayi Kulusumu. Tausi sanawapumitse: "Mabokosi ofiira aja afika liti, amake Raisa? Kapena akubwera wapansi?" Ulendo wotsatira wa kuchipatala Che Idi anasanza panjira, ndipo mayi Kulusumu anawapukuta ndi nsonga ya chitenje osayang'ana munthu kumaso. Ankamufulasha Raisa m'mawa uliwonse, iye akaimba n'kungoti, "Palibe chatsopano, Amayi," iwo n'kudula osatsanzika.

Mwera unatha, kunabwera kutentha kosagoneka m'nyumba. Mango anayamba kupsa. Mitambo inkaunjikana kumtunda cha ku Chitala, kuda, kubalalika, kuunjikananso. Nasir akamabwera kudzatenga matumba ankayang'ana kumwamba, kenako kuyang'ana pakhonde pamene panali Che Idi.

M'mawa wina anamva kulira kwa injini zolemera. Pamphambano panali lole ya miyala, ina ya phula, chigudumu chopsinjira, ndi amuna ovala maovolosi achikasu. Kapitawo wawo ananyamula foni yaikulu, ndipo m'menemo munali zithunzi zomwe zija, mabokosi ake omwewo. Ankayenda akuyang'ana m'foni, kupeza dzenje, kulizunguliza ndi penti. Malo a ming'alu ankangowadutsa.

Mayi Kulusumu anamutsatira kumbuyo ngati nkhuku yolondola mpunga.

"Nanga khungu la ng'onali mukulisiyira ndani?"

"Ife atituma zofiira zokha, Mayi. Zachikasu mwina chaka chamawa."

"Ndinapempha nsalu yatsopano, mukundipatsa zigamba."

"Ngati mukuzikana tinyamule, kuli ena akudikira."

"Wakana ndani? Thirani. Ndipo ilo la pa mlambe muthire kawiri, limameza mbuzi."

Anathira, kupsinja, kusuntha. Msewu unasanduka wamawangamawanga ngati buluku la mlimi, m'mbali modyeka munatsala momwemo, koma galimoto ikanatha kuyenda. Mvula yoyamba inagwa akumalizira kudoko, fungo la phula n'kusakanikirana ndi la fumbi lonyowa. Sabata isanathe Benson analiza hutala pamsika wa kwa Msangu, akuseka ngati sanathawepo.

Tsiku la kuchipatala kunali kamvula kowaza. Benson anafuna kulipiritsa mpando wa kutsogolo mtengo wapadera, mayi Kulusumu anangomuyang'ana mpaka anatsegula chitseko yekha. Anawakweza Che Idi, kuwaongola mwendo, kuwaikira pilo kumbali yakufayo. Iwo anakwera kumbuyo pamodzi ndi madengu a anthu, atafunda pulasitiki kumutu. Galimoto inadutsa pa kalavati, inadutsa pa mlambe. Asanafike pamphambano anasuzumira pagalasi la kumbuyo, n'kuona mutu wa amuna awo utatsamira pawindo, pakamwa pali pululu.

Anatulutsa foni pachifuwa. Ulendo uno sanafulashe, anaimba.

"Bambo ako ali kutsogolo kwa Benson. Agona."

"Agona? Akudwala?"

"Tulo, iwe. Benson akuti akuliza mkonono."

Kumbali inayo kunamveka ngati munthu akumina.

"Ngongole ija wabweza," anatero mayi Kulusumu. "Za msewu sindidzakutchuliranso."

"Si ine, Amayi. Ndi kompyuta ija, ndi a Elliot, ndi anthu ogawa..."

"Kompyuta sindinaibale ine. Ndati wabweza. Dula foni, mayunitsi akutha."